Ligi ya Loweruka itagawanika: lipoti la Civilization VII pa shopu yanga ku Rosettenville

Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta ndi mafoni ku Rosettenville, kummwera kwa Johannesburg. Kuseri kwa kauntala kuli chipinda chimene kale ankasungiramo katundu, ndipo ine ndinaikamo makompyuta 8, ambiri ochita kulumikiza ndekha ndi zitsulo zotsala kwa makasitomala. Mkati mwa sabata mumadzaza ana asukulu, ena kudzapulinta ntchito yawo, ena kudzamenya mpira wa pa sikirini. Loweruka kukada chipindacho chimakhala cha akuluakulu. Kuyambira 2019, kupatula miyezi ya Covid ija, takhala tikukumana anthu 11 kusewera Civilization VI. Pali telala, anyamata awiri operekera zakudya mu lesitilanti, wina wa ku Mangochi woperekera katundu pa njinga yamoto, mnzathu wa ku Tete amene Chinyanja chake timamvana bwinobwino, ndi bambo wina amene kumudzi ankaphunzitsa History ku sekondale koma kuno ku Joni ndi mlonda. Tonse timawaitanabe kuti aphunzitsi. Palinso mnyamata wa ku Soweto, Mzulu, amene anabwera ndi foni yosweka galasi n'kukhazikika, moti pano amatha kutinyoza m'Chichewa.

Lipotili ndalemba chifukwa anzanga awiri amene ali ndi zipinda zonga changachi, wina ku Durban wina ku Cape Town, anandifunsa ngati agule Civilization VII. Yankho la pa WhatsApp silikanakwana.

Kwa amene sanaionepo: Civilization ndi gemu imene Sid Meier anayambitsa mu 1991. Umayamba ndi kagulu ka anthu pa mapu osadziwika, n'kumanga mudzi, kulima, kuphunzira luso, kuchita malonda, kumenya nkhondo kapena kuipewa, mpaka mudzi uja usanduke ufumu. Sifuna zala zothamanga ayi. Aliyense amasewera turn yake mofatsa ngati pa bawo, n'chifukwa chake imakomera anthu obwera atatopa ku ntchito.

Mmene ndinagulira

Gemu ya nambala 7 inatuluka pa 11 February 2025, yopangidwa ndi Firaxis, yogulitsidwa ndi 2K. Mtengo wake unali $69.99, kuno kupitirira R1,000 kope imodzi. Amene analipira mtengo wokwera wa Deluxe kapena Founders anayamba kusewera pa 6 February. Ife tinali titayamba kusonkherana ndalama kuyambira chaka chinacho, pang'onopang'ono, ndipo wosunga thumba ndinali ine. Sabata yomwe gemu inatuluka ndinagula makope 8, imodzi pa kompyuta iliyonse, n'kuwonjezera RAM pa makina atatu kuchoka pa 8GB kufika pa 16GB.

Ndisanagule ndinayang'ana chinthu chimodzi chokha, malikisi a pa Metacritic, webusaiti imene imasonkhanitsa malikisi a akatswiri olemba ndemanga. Anali pafupifupi 80 pa 100. Ndinati basi, yakhoza. Sindinaime n'kufanizira ndi zakale, chonsecho Civilization IV inapeza 94, ya nambala 5 inapeza 90, ya nambala 6 inapeza 88. Mwana amene amapeza 90 chaka ndi chaka akabwera ndi 80, kholo lanzeru limafunsa kuti kwagwanji. Komanso 80 uja anali avereji, ndipo avereji imabisa mkangano. Nyuzipepala ya The Guardian inapereka nyenyezi zonse 5, webusaiti ya magemu ya IGN inapereka 7 pa 10, pamene inzake ya Eurogamer inapereka nyenyezi 2 zokha pa 5. Anthu odziwa ntchito yawo akasiyana chonchi, ndiye kuti pali chinachake chimene ena chawakomera kwambiri pamene ena chawawawa, ndipo ine ndinayenera kufufuza kuti gulu langa likhala mbali iti. Pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, pamene amalemba ndi anthu ogula ndi ndalama zawo, ndemanga zinali zitagawanika pakati kuyambira masiku oyambirira omwe. Ndinaziona, koma ndinati awa ndi aja amadandaula chilichonse chatsopano.

Loweruka loyamba

Pa 15 February tinasonkhana tonse, wina atabweretsa nkhuku yootcha. Nditatsegula gemu ya pagulu ndinapeza malo a anthu 5 okha. Ndinayamba ndaganiza kuti vuto ndi netiweki yanga, ndinazimitsa rauta n'kuyatsanso, ndinasintha chingwe. Ayi ndithu. Gemuyi inagawidwa m'nyengo zitatu, Antiquity, Exploration ndi Modern, ndipo pa nthawi imene inatuluka, nyengo ziwiri zoyambazo zinkalola anthu 5 okha kusewera limodzi. Anthu 8 ankaloledwa mu Modern mokha. Chifukwa chake n'choti mbali ina ya mapu imasungidwa kuti ikhale maiko akutali odzawatulukira mu nyengo yachiwiri, ndiye malo oyambirapo amachepa.

Chachiwiri, munalibe hotseat. Iyi ndi njira imene anthu angapo amasewerera pa kompyuta imodzi, wina akatha turn yake n'kupatsa mnzake mpando. Kwa munthu wa ku Ulaya amene ali ndi kompyuta yakeyake kuchipinda, ichi n'chaching'ono. Kwa ife anthu 11 pa makina 8, hotseat ndiyo inkapatsa chochita atatu otsalawo.

Apa ndisanamizire wina aliyense. Zonse ziwirizi opanga gemu anali atazilengeza gemuyo isanatuluke, zinali poyera, ine sindinawerenge. Safunsa anadya phula, ndipo phulalo ndinalidya ndi ndalama za anzanga. Usiku umenewo tinagawana pawiri, asanu pa mapu awo, atatu pa mapu ena, otsalawo ataima kumbuyo. Chipinda chimene chinazolowera phokoso limodzi, aliyense akuopseza aliyense, chinakhala ndi nkhani ziwiri zosakumana.

Zokoma, kenako sikirini

Masabata awiri oyamba panali zambiri zoyamikira, ndipo olemba ndemanga sananame pa izi. Mapu ndi okongola, mizinda imaoneka ngati tinyumba toumba ndi manja. Anachotsa antchito aja amene unkawayendetsa mmodzimmodzi kukalima minda. Tsopano mzinda ukakula umangosankha malo oti ulimidwe. Asilikali amalowa mwa mtsogoleri wawo, commander, n'kuyenda ngati gulu limodzi, ndipo telala wathu, amene mu Civilization VI ankatha mphindi zambiri akukankha asilikali mmodzimmodzi pa kanjira ka pakati pa mapiri, anaomba m'manja. Mitsinje ikuluikulu imayendamo zombo. Kukambirana ndi mafumu ena kuli ndi ndalama yakeyake, Influence, ndipo kumamveka bwino kuposa kale. Midzi ing'onoing'ono siifuna kuiyang'anira turn iliyonse, imangotumiza chuma ndi chakudya ku mizinda.

Koma chikomekome cha mkuyu. Ine monga mwini chipinda ndimakhala ndi kope mmene ndimalemba chilichonse chimene munthu wandiitanira pa mpando wake, kuti ndidziwe makina ovuta. Kale m'kopemo munkakhala za mouse yofa ndi mahedifoni. M'masabata amenewa tsamba linadzaza ndi mafunso amene sanali a makina konse.

Limodzi ndilikumbukira bwino. Aphunzitsi anali ndi mzinda umene anthu ake anali osakondwa, zokolola zikutsika. Anavula magalasi, kupukuta, kuvalanso, nkhope ili pafupi ndi sikirini.

“Achimwene, tabwerani kuno. Anthu angawa akwiya ndi chiyani?”

Ndinaika mouse pa chiwerengerocho kuti chindiuze kumene chikuchokera. Chinangondionetsa nambala yomweyo. Ndinatsegula tsamba la mzinda, zilembo zing'onozing'ono zotuwa pa malo otuwa. Ndinatsegula Civilopedia, buku la malamulo la mkati mwa gemu, osapeza yankho logwirika.

“Aphunzitsi, ndipatseni kamphindi ndifufuze pa foni.”

“Ndiye ufumu wanga ndiziulamulira ndi foni yanu?”

Tinaseka, koma mfundo yawo inali yoona. Gemu ya nzeru imakoma chifukwa umaona zonse zili patsogolo pako n'kusankha. Ukaluza umadziwa kuti ndalakwitsa apa. Pa bawo njere zonse zimakhala poyera, palibe bowo lovundikira. Sikirini ikakubisira chifukwa chimene chuma chatsikira, kapena nyumba zimene zili pa malo amene ukufuna kumangapo, kusankha kwako kumasanduka kulota. Ili ndilo dandaulo limene pafupifupi onse anagwirizana, oyamikira ndi odzudzula omwe, ndipo Firaxis inavomera sabata yoyamba yomweyo kuti kukonza maonekedwe a sikirini ndi ntchito yawo yoyamba. Panalinso tinthu tina tosowa timene anthu anatizolowera kwa zaka: sunkatha kusintha dzina la mzinda, sunkatha kuuza kazitape wako kuti aziyendera yekha mapu, ndipo mapu aakulu kwambiri munalibe. Za mayinazi musazione zochepa. Mu ligi yathu likulu la munthu limakhala Balaka, Nkhotakota kapena Ndirande, ndipo kulanda Ndirande wa mnzako kumakoma mosiyana ndi kulanda mzinda wa dzina limene sutha n'kulitchula komwe.

Ine ndinathetsa gawo lina la vutoli poika ma mod, timafayilo tosintha gemu, opangidwa ndi osewera anzathu a pa intaneti, amene amaonetsa zambiri ukaloza pa malo. Zinathandiza, kungoti nthawi imeneyo unkachita kukopera mafayilo pamanja pa kompyuta iliyonse, ndipo update ikabwera ndinkayambiranso kuona kuti ndi mod iti yafa.

Usiku umene nkhondo inatha yokha

Chimene chinaswa gulu sichinali sikirini. Chinali kusintha kwa nyengo.

Mnyamata wa ku Mangochi uja ndi wankhondo. Pa mapu a anthu asanu anatha Loweruka awiri akukonzekera kulanda likulu la mmodzi wa anyamata a ku lesitilanti. Anamanga misewu, anakweza commander wake maudindo, anazinga mzindawo mbali zitatu. Makoma anali atayamba kugwa. Pamwamba pa sikirini pali kachizindikiro koonetsa mmene nyengo yatsalira kuti ithe, ndipo kamathamanga wina aliyense pa mapu akakwaniritsa zolinga zake. Iye sankakayang'ana. Aphunzitsi, ali phee ku ngodya yawo, anamaliza chinthu china chachikulu, kachizindikiro kaja kanadzaza, Antiquity inatha.

Nyengo ikatha mu gemuyi, monga inalili potuluka, nkhondo zonse zimatha pomwepo. Asilikali amabwezedwa kwawo, ndipo ochuluka kuposa amene ma commander ndi midzi yako ingasunge amasowa. Mizinda yambiri imabwerera kukhala midzi kupatula likulu. Nyumba zambiri zakale zimatha mphamvu. Kenako gemu imakuuza kuti usankhe mtundu wina wa anthu woti upitirize nawo.

Mnyamatayo anayang'ana sikirini nthawi yaitali. Kenako anavula mahedifoni n'kuwaika pa tebulo mwaulemu kwambiri, ulemu woopsa uja.

“Amwene, asilikali anga ali kuti?”

“Nyengo yasintha, aise. Aliyense zamuchitikira.”

“Ndiye masabata awiri onsewa ndimavutikiranji?”

Wozingidwa uja anali akugubuduka ndi phwete, ndipo zimenezo sizinathandize. Mnzathu wa ku Tete ndiye anaiika bwino nkhaniyi. Anati zili ngati mukusewera bawo, iwe watsala pang'ono kumudya mnzako, ndiye pabwere munthu n'kukokolola njere zonse, kuzigawanso, n'kunena kuti pitirizani, koma tikukumbukira kuti iwe umatsogola.

Tsopano ndinene chimene chinandivuta kuvomera. Opanga gemu sanachite izi mwamisala. Ed Beach, amene anatsogolera kapangidwe kake, anafotokoza gemu isanatuluke kuti ziwerengero zawo zimaonetsa kuti anthu ambiri samaliza gemu ya Civilization imene aiyamba. Kumayambiriro kumakoma, koma pofika kumapeto uli ndi mizinda yambirimbiri yofuna kuiuza chochita turn iliyonse, ndipo wopambana anadziwika kalekale. Matenda amenewa ife timawadziwa. Mu ligi yathu ya Civilization VI, pofika Loweruka lachitatu amene ali kumbuyo amayamba kupeza zifukwa, wina akuti ovataimu, wina akuti mlamu wabwera kuchokera kumudzi ndikamuchingamire ku Park Station. Amatsala atatu akumalizitsa gemu imene aliyense akudziwa mathero ake. Kudula gemu patatu ndi mankhwala a matenda enieni. Wotsalira amapezanso mpata, wotsogola amabwezedwa pang'ono.

Vuto n'loti mankhwalawo amachiza pochotsa chinthu chomwe chimakoka munthu kuti abwerenso sabata yamawa. Munthu amabwera chifukwa pali chake chimene anachisiya pa mapu: gulu lankhondo lija, mzinda uja, chidani chija ndi mnansi wake. Ukamuuza kuti pakutha pa nyengo zambiri mwa izi zifufutidwa, amasiya kuzikonda. Ndinaona ndi maso anga kasewero kakusintha. Nyengo ikafika chakumapeto anthu ankasiya kumanga, kusiya kumenyana, n'kumangodina kuti turn ithe, chifukwa palibe amene amafuna kuwononga chuma pa chinthu choti chifa posachedwa. Kutopetsa kumene ankafuna kukuchotsa kumapeto kwa gemu kunangosamukira kumapeto kwa nyengo iliyonse. Pamwamba pa izi, chakumapeto kwa nyengo gemu imagwetsa mavuto, mliri kapena kuukira, n'kukukakamiza kusankha malamulo okupweteka wekha. Poyamba zinkasangalatsa. Ulendo wachitatu aliyense ankadziwa kale kuti zibwera liti.

Mkangano wa mitundu

Pa intaneti phokoso lalikulu linali la kusintha mtundu, ndipo nanenso ndinkayesa kuti ndilo vuto lalikulu. Kale ukasankha Egypt unkakhala Egypt kuyambira pa mapiramidi mpaka pa roketi. Mu gemu yatsopanoyi mtsogoleri yekha ndiye amakhala yemweyo, ndipo samangidwa ku mtundu wake, moti Benjamin Franklin atha kulamulira Aroma. Potuluka, mtundu unkasintha nyengo iliyonse. Gemu ina, Humankind, inayesa zofanana ndi izi mu 2021 ndipo inalandira madandaulo a mtundu womwewu.

Ndinadabwa kuti amene anaikira kumbuyo ganizoli anali aphunzitsi. Usiku wina magetsi atazima, tikudikira, anatiphunzitsa ngati tili Fomu 3. Anati mbiri imayendadi chonchi. Kunali ufumu wa Maravi pansi pa Kalonga, kenako dzikolo linatchedwa Nyasaland mu 1907, kenako Malawi mu 1964, anthu ake omwewo koma chovala china. Angoni a Zwangendaba anachoka kuno kummwera, anawoloka Zambezi mu 1835, ndipo lero Angoni ambiri amalankhula Chitumbuka kapena Chichewa koma ingoma akuvinabe. Palibe mtundu umene unakhala chimodzimodzi zaka 6,000. Chabodza, anatero, ndi gemu yakale ija imene inkaika America m'nthawi ya miyala.

Koma atafika pa Africa mawu awo anasintha. Potuluka, gemuyi inali ndi Egypt ndi Aksum mu nyengo yoyamba, Songhai mu yachiwiri, Buganda mu yachitatu. Ukafuna kukhala mu Africa gemu yonse, njira yako inali imeneyo. Aksum inali ku Ethiopia ndi Eritrea wa lero. Songhai inali pa mtsinje wa Niger, ku Gao ndi Timbuktu, mpaka asilikali a ku Morocco anaigonjetsa mu 1591. Buganda ili m'mbali mwa nyanja ya Victoria ku Uganda. Maufumu atatuwa sanabadwe wina mwa mnzake, chowalumikiza n'choti onse ali mu Africa basi. Pamene China anaipatsa mzere wathunthu, Han, Ming, Qing. India anaipatsa Maurya, Chola, Mughal. Ndiye ganizo loti mbiri imasanjikizana limagwira ntchito pomwe anaika mitundu yokwanira, ndipo limaoneka lachipongwe pomwe anaika yochepa. Kummwera kwa Africa kunalibe ngakhale umodzi. Mnyamata wa ku Soweto anafufuza Shaka pa mndandanda kawiri konse. Azulu akhala mu Civilization kuyambira gemu yoyamba ya 1991, ndipo mu ya nambala 6 analowa ndi chowonjezera cha Rise and Fall mu 2018. Apa munalibe. Ngakhale Great Britain inabwera pambuyo ngati chowonjezera cholipira, chinthu chimene chinakwiyitsa anthu ambiri kunjako, ngakhale kuti m'chipinda mwathu palibe analira nazo.

China chimene aphunzitsi sanachikonde ndi nyengo yachiwiri. Kuti upeze mapointi a chuma mu Exploration unkayenera kuwoloka nyanja, kukakhazika midzi ku maiko akutali, n'kumatumiza zombo za chuma kwanu. Mapointi a nkhondo nawonso ankadalira kwambiri maiko akutaliwo. Pali mitundu yochepa imene inapatsidwa njira yake, monga Mongolia imene inkapeza mapointi polanda mizinda ya kontinenti yake yomwe. Koma kwa ambiri njira inali imodzi, ndipo inali njira ya Spain ndi Portugal. “Ndakhala zaka ndikuphunzitsa ana za atsamunda,” anatero, “lero ndalipira ndalama zanga kuti ndikhale mtsamunda, apo ayi ndiluze.” Olemba ndemanga ena anadandaula zomwezi m'mawu ena, kuti zolinga za nyengo iliyonse zimakuyendetsa ngati sitima pa njanji, gemu iliyonse n'kumafanana ndi inzake.

Zimene kope langa linandionetsa

Nditabwerera m'kope muja kumapeto kwa March ndinapeza kuti ndinkaloza polakwika. M'gulu mwathu munalowa anyamata awiri atsopano amene sanaseweko Civilization VI. Iwowa kusintha mtundu sikunawavute n'komwe, ankakuona ngati mphatso, kulandira asilikali atsopano ndi nyumba zatsopano. Amene kunawawawa ndi akale okha. Koma sikirini yobisa zinthu inapunthwitsa onse, akale ndi atsopano, ndipo kufufutika kwa nkhondo ndi mizinda kunakwiyitsa aliyense amene kunamugwera ali pakati pa chinthu.

Zolakwika zake ndinazigawa pawiri monga mmene mmisiri amaonera nyumba. Pali nyumba yosamaliza, yopanda pulasitala ndi mawindo koma yomangidwa bwino. Sikirini, mayina a mizinda, mapu aang'ono, malire a anthu 5, zonsezi ndi za mtundu umenewu, zimatheka ndi nthawi. Ndiye pali za maziko, ndipo kudula gemu patatu ndi maziko. Mungathe kufewetsa, koma zonse zinamangidwa pamenepo.

Apa m'pamene ndinamvetsanso chifukwa chake malikisi a akatswiri ndi a ogula anasiyana. Wolemba ndemanga amasewera yekha ndi kompyuta kwa masabata ochepa, zonse zikadali zachilendo, ndipo kompyuta ikakulanda chipambano pa kusintha kwa nyengo siikuseka. Wogula wa pa Steam amabwera ndi maola mazanamazana a gemu yakale m'mutu, atalipira $70. Palibe mwa awiriwa amene amayesa gemu m'chipinda cha anthu 11 odziwana, mmene woluza amakumana ndi womuluzitsa ku tchalitchi mawa lake. Mayeso amenewo anali anga, ndipo ndinawachita nditagula kale.

Ndinayesa njira ziwiri zopulumutsira ligi. Yoyamba inali kuyambira mu Modern, mmene anthu 8 amaloledwa. Sinayende. Anthu ankayamba ndi zinthu zimene sanazivutikire, ndipo nyengoyi inali mpikisano wothamangira chinthu chimodzi, kaya World Bank, kaya World's Fair, kaya kutumiza munthu mumlengalenga, kaya bomba la Operation Ivy. Imathera cha m'ma 1950, kulibe nthawi ya intaneti ngati mu magemu akale. Yachiwiri inali kusewera Antiquity yokha n'kuwerenga mapointi pamapeto, ngati gemu yathunthu. Iyi inayenda bwino modabwitsa. Nyengo yoyambayi ndiyo yokoma kwambiri, imakwana Loweruka limodzi kapena awiri, ndipo palibe amene amathawa pakati. Chinthu chimene chinanyozedwa kwambiri chinatipatsa gemu yaifupi yokwana anthu ogwira ntchito masiku 6 pa sabata, bola osawoloka kupita ku nyengo yachiwiri. Koma inali ya asanu.

Mu May tinavota, ndipo ligi ya Loweruka inabwerera ku Civilization VI. Sitinali tokha. Pa Steam, gemu yatsopanoyi inafika pa anthu pafupifupi 84,000 osewera nthawi imodzi itangotuluka, pamene ya nambala 6 inafika pa 162,000 mu 2016, ndipo patangopita miyezi yochepa ya nambala 6, ngakhalenso ya nambala 5 ya mu 2010, zinali ndi osewera ambiri kuposa yatsopanoyi. Strauss Zelnick, bwana wa Take-Two imene ndi mwini wa 2K, ananena kuti okonda gemuyi akale adzaizolowera akaisewera nthawi yaitali. Mbiri ili kumbali yake pang'ono: Civilization V inanyozedwa ndi osewera potuluka mpaka zowonjezera za Gods & Kings mu 2012 ndi Brave New World mu 2013 zinaikonza, ndipo ya nambala 6 imene tikuikakamira leroyi inakhwima ndi chowonjezera cha Gathering Storm mu 2019. Firaxis nayo siinagone. Mu March 2025 analola kusintha mayina a mizinda, mu April anabweza mwayi wopitiriza kusewera wina atapambana kale, mu June anabweretsa mapu aakulu ndi Steam Workshop imene inandipumitsa ntchito yokopera ma mod pamanja, mu July kazitape anayamba kuyenda yekha ndipo anaika njira yofewetsa kusintha kwa nyengo kuti asilikali ndi maubale zisamafufutike ngati kale. Chakumapeto kwa 2025 ananena kuti akuyesa njira yoti munthu akhale ndi mtundu umodzi gemu yonse.

Kwa anzanga a ku Durban ndi Cape Town, chimene ndimachita tsopano n'chophweka. Ndimagula kope imodzi kaye. Ndisanaitsegule ndimawerenga za kusewera pagulu, kuti ndi anthu angati ndipo hotseat ilimo kapena ayi. Ndimawerenga ndemanga yotsikitsitsa ndi yokwereratu, ya pakati ndimaisiya. Ndipo musadalire kubweza: Steam imabweza ndalama ngati sipanathe masiku 14 ndipo sunasewere maola oposa 2, koma maola 2 sakufikitsa ngakhale kumapeto kwa Antiquity. Chinthu chimene chingakukwiyitse umakachiona mwayi wobweza utatha kale. Za ndalama za gulu, ndinawabwezera mwa kusalipiritsa maola a Loweruka kwa miyezi ingapo, ndipo lendi ya miyezi imeneyo inandilasa.

Pano Civilization VII imaseweredwa Lamlungu masana, anthu akachoka ku tchalitchi, anayi kapena asanu. Anyamata atsopano aja ndiwo eni ake. Wa ku Mangochi ndinamuuza kuti anakonza, asilikali sasowanso ngati kale, anangoti “zikomo amwene” n'kukhala pa kompyuta ya Civilization VI ija. Aphunzitsi amabwera masiku onse awiri. Lamlungu lapitali anali Aksum, likulu lawo atalitcha Mankhamba, dzina la likulu lakale la Maravi, zombo zawo zili mbwee m'mbali mwa nyanja. Nyengo itatha, sikirini inawafunsa mtundu woti apitirize nawo. Anaiyang'ana pang'ono, anasunga gemu, anavala jekete ya ulonda n'kundifunsa ngati taxi ya ku tauni ikadapezeka nthawi imeneyo.